Nkhuyu Zodya Mwana Zimapota Akulu



Ena mwa owerenga athu adabwa kuona nkhani ya mpira wamiyendo pa tsamba lomwe adazolowera kupezapo za Swala, za Zakaat ndi za maleredwe a ana. Tikuwapempha kuti asafulumire kutembenuza tsambali, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani ya ulendo uno ndi ya maleredwe ndithu, kungoti yabwera itavala jezi. Anyamata omwe timakhala nawo pamkeka wa madrasa masana aliwonse amawadziwa osewera a ku Ulaya mmodzimmodzi, zaka zawo ngakhalenso mtengo womwe adagulidwira, ndipo mwalimu kapena kholo lotseka makutu ana akamakamba zimenezi limadzitsekera lokha khomo lolowera m'mitima mwawo. Ife tidasankha kumvetsera, ndipo pa maina onse omwe tidamva, limodzi lidatipatsa zoti tilingalire: Matthijs de Ligt, wotchinga kumbuyo wa ku Netherlands, dziko lomwe ambiri timalitcha Holland.

Sitikumuika pano ngati chitsanzo cha chipembedzo ayi, ndiponso sitikuuza ana athu kuti asiye mabuku n'kumathamangira chikopa. Chomwe chatikoka ndi funso lomwe chiyambi cha ntchito yake chimafunsa kholo lililonse, mwalimu aliyense ndi mwini bwato aliyense. Funsolo ndi ili: mwana akasenzetsedwa katundu wa akulu n'kugwa naye pamaso pa anthu, mlandu ndi wa yani, ndipo kukacha tichite naye chiyani mwanayo?

MWANA WA KU ABCOUDE

De Ligt adabadwa pa 12 Ogasiti 1999 m'tauni ya Leiderdorp, koma adakulira ku Abcoude, mudzi wa kufupi ndi mzinda wa Amsterdam. Mpira adauyambira m'katimu ka pamudzipo, ndipo ali ndi zaka 9 adatengedwa ndi Ajax, timu yaikulu ya m'dzikomo yomwe idatchuka pa dziko lonse kaamba kolera yokha osewera ake. Malo omwe timuyi imasulirako ana amatchedwa De Toekomst, mawu a Chidatchi otanthauza tsogolo. Zimanenedwa kuti poyamba aphunzitsi ena kumeneko adamuona mwanayu ngati wolemera thupi ndi wochepa liwiro, komabe adamupatsa nthawi. Ankamuseweretsanso pakati pa bwalo, pomwe mpira umachokera mbali zonse, kuti azolowere kuganiza msanga ndi kupatsira bwino anzake, asanamukhazike kumbuyo komwe kudali malo ake enieni.

Tifotokoze pang'ono za malo amenewa, pofuna kuthandiza amayi ndi madala omwe satsata mpira. Wosewera kutsogolo akhoza kuphonya kasanu, koma akangogoletsa kamodzi anthu amamunyamula pamapewa n'kuiwala zonse. Wotchinga kumbuyo zake n'zina. Akhoza kulanda mpira ka 20 popanda womuwombera m'manja, koma akaterereka kamodzi kokha, kumbuyo kwake kwangotsala goloboyi ndi ukonde, ndipo bwalo lonse limaona. Ali ngati munthu wogwira chingwe cha khoka: akachigwira bwino palibe womutchula, koma akachitaya, ntchito ya usiku wonse yapita pachabe ndipo dzina lake lili pakamwa pa aliyense padoko. N'chifukwa chake matimu ambiri amaika pamalowa anthu okhwima, oti adaonapo zambiri ndipo mtima wawo sugunda msanga.

Pa 21 Sepitembala 2016, ali ndi zaka 17 ndi mwezi umodzi, De Ligt adasewera koyamba m'timu yaikulu ya Ajax pa masewero a chikho olimbana ndi Willem II. Adagoletsa ndi mutu, Ajax idapambana 5-0, ndipo mwa onse omwe adagoletserapo timuyi kufikira tsikulo, Clarence Seedorf yekha ndiye adatero ali wamng'ono kuposa iye. Mpaka apa zonse zinkayenda mwa dongosolo lake. Mphunzitsi wa Ajax, Peter Bosz, ankamulowetsa pang'onopang'ono, lero mphindi zochepa, tsiku lina masewero athunthu, monga mmene mayi amayambitsira mwana phala asanamupatse nsima.

USIKU WA KU SOFIA

Koma timu ya dziko la Netherlands idali pa moto. Dziko lomwe lidafika mu fainolo ya chikho cha dziko lonse ku South Africa m'chaka cha 2010, n'kukhalanso lachitatu ku Brazil mu 2014, lidalephera kupita ku mpikisano wa maiko a ku Ulaya wa 2016, ndipo ulendo wa ku Russia wa 2018 udalinso wokayikitsa. Mu Malichi 2017 padali masewero ofunika kwambiri ndi Bulgaria, pomwe otchinga kumbuyo odalirika, kuphatikizapo Virgil van Dijk, adali ovulala. Mphunzitsi wa timu ya dziko, Danny Blind, sadali mlendo pa ntchito yotchinga: ndi iye amene adali kaputeni wa Ajax pomwe idatenga chikho cha Champions League mu 1995. Atayang'ana uku ndi uku, adaloza mwana wa zaka 17, amene pa nthawiyo adali atangoyambapo masewero awiri okha a mu ligi.

Pa 25 Malichi 2017, mumzinda wa Sofia, De Ligt adalowa m'bwalo atavala jezi ya dziko lake. Chiyambire 1931 padalibe wina adavala jeziyo ali wamng'ono chotere. Patangotha mphindi 5, mpira wautali udabwera kuchokera kutali, mwanayo adalephera kuuyeza bwino, ndipo Spas Delev adamudutsa n'kugoletsa. Pa mphindi ya 20 Delev yemweyo adagoletsa chachiwiri, ndipo zala zidalozanso kwa mwanayo. Pa nthawi yopumulira adamutulutsa n'kulowetsa Wesley Hoedt. Masewero adatha 2-0.

Taganizirani, owerenga athu, mwana wa msinkhu wa Folomu 3 atakhala pabenchi chigawo chonse chachiwiri, makamera atamuyang'ana, akudziwa kuti kwawo makolo ake, aneba ndi anzake a kusukulu aona zonse. Ndipo kuluzako kudali ndi mtengo wake. Pamapeto pa mpikisanowo Netherlands idalingana mapointi ndi Sweden, 19 aliyense, koma idatsalira chifukwa cha kusiyana kwa zigoli, motero sidapite ku Russia. Pointi imodzi yokha ya ku Sofia ikadaikweza pamwamba pa Sweden.

Tsiku lotsatira, pa 26 Malichi, bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo lidachotsa ntchito Danny Blind. Akuluakulu athu adati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, ndipo apa mwambiwu udaoneka poyera. Sitikunyoza Blind, pakuti adali pakati pa zovuta ndipo adamukhulupirira mwanayo ndi mtima wabwino. Koma chilungamo n'chakuti masewero aja sadatayikire pa mphindi ya 5. Adatayikira pomwe dzina la mwana lidalembedwa papepala kuti akatseke mpata womwe akulu adasiya, m'dziko la eni, pa tsiku loti kulakwa kudalibe malo. Mwana adalakwitsa mpira umodzi, koma amene adalakwitsa muyeso wa katundu adali wamkulu.

KUTACHA

Chomwe chimapanga munthu kawirikawiri ndi zomwe zimachitika kukacha. De Ligt adabwerera ku Amsterdam dzina lake lili m'nyuzipepala zonse. Kukadakhala kosavuta kuti Ajax imubweze ku timu ya achinyamata n'kunena kuti akhwime kaye, ndipo palibe akadaidzudzula. Koma Peter Bosz, amene ankamuona tsiku ndi tsiku pa zokonzekera, sadalole kuti mphindi 45 za ku Sofia zifafanize zomwe maso ake adaona kwa miyezi yambiri. Adapitiriza kumuseweretsa pakati pa anzake omwe adamuzolowera, m'kaseweredwe komwe adakulira.

Ajax idali mu mpikisano wa Europa League chaka chimenecho. Mu semifainolo idagonjetsa Lyon ya ku France, De Ligt ali m'bwalo, ndipo pa 24 Meyi 2017, patangotha miyezi iwiri chichitikireni za ku Sofia, adayamba nawo fainolo yolimbana ndi Manchester United mumzinda wa Stockholm. Adali ndi zaka 17 ndi masiku 285, wamng'ono kuposa aliyense amene adasewerapo fainolo yaikulu ya makalabu a ku Ulaya kufikira pamenepo. Ajax idagonja 2-0, koma tsiku limenelo palibe adaloza mwanayo chala. Ambiri adamutchula pakati pa omwe adasewera bwino.

Kodi m'miyezi iwiri miyendo yake idatalika? Kodi nzeru zake zidachuluka kawiri? Ayi ndithu. Mwana adali yemweyo. Chidasintha ndi malo omwe adaikidwa ndiponso anthu omwe adamuzungulira. Ku Sofia adali chigamba chotsekera bowo pakati pa anthu omwe ambiri mwa iwo adali asanasewere nawo, pomwe ku Ajax adali pakhomo pake, m'manja mwa munthu wodziwa mphamvu zake ndi malire ake.

CHISONI NDI UKAPUTENI

Pa 8 Julaye 2017 Ajax idagweredwa tsoka lomwe lidachepetsa za ku Sofia. Pa masewero opimana mphamvu ndi Werder Bremen m'dziko la Austria, Abdelhak Nouri, mnyamata wa Chisilamu wa zaka 20 amene makolo ake ndi ochokera ku Morocco, adagwa m'bwalo mtima wake utasokonekera kagundidwe. Ubongo wake udawonongeka kotero kuti sadasewerenso mpira. Mu 2018 Ajax idavomera kuti chithandizo chomwe adalandira m'bwalomo chidali choperewera. Nouri adakulira ku De Toekomst komweko, ndipo anyamata omwe adali naye adaona ndi maso awo kuti unyamata ndi thanzi ndi zobwereka, Mwini wake amatenga pomwe wafunira.

M'timu yachisoni imeneyi ndi momwe De Ligt adakhwimira. Mnzake wotchinga naye, Davinson Sánchez, adagulitsidwa ku Tottenham mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo De Ligt adasanduka mzati wa kumbuyo. Mu 2018, ali ndi zaka 18, mphunzitsi watsopano Erik ten Hag adamuveka lamba wa ukaputeni. Wina angafunse kuti kodi uku sikubwereza zomwe Blind adachita? Kusiyana kwake kulipo. Ulendo uno mwanayo adali atayesedwa m'masewero ambiri, ndipo akuluakulu a timu sadamusiye yekha. Pakati pa chaka cha 2018 adagula Dušan Tadić, munthu wokhwima, ndipo adabweza kuchokera ku Manchester United wosewera wa zaka 28 kuti adzaime pambali pa kaputeni wamng'onoyo kumbuyo. Wosewerayo adali Daley Blind, mwana wa mphunzitsi yemwe uja adachotsedwa ntchito. Lamba adali pamkono wa mwana, koma pambali pake padali mkulu wake woti amunong'oneze.

Zipatso zake zidaoneka. Mu Disembala 2018 De Ligt adalandira mphoto ya Golden Boy, yomwe imaperekedwa kwa wosewera wachinyamata wopambana ku Ulaya, ndipo adali wotchinga kumbuyo woyamba kuilandira. Pa 5 Malichi 2019 Ajax idathira Real Madrid zigoli 4-1 pakwawo, ndipo pa 16 Epulo chigoli cha mutu cha De Ligt ndicho chidatulutsa Juventus ya Cristiano Ronaldo mumzinda wa Turin. Pa 8 Meyi, m'masiku oyamba a Ramadan, adagoletsanso polimbana ndi Tottenham, koma Lucas Moura adagoletsa zitatu, chomaliza m'mphindi zowonjezera, ndipo ulendo wa ku fainolo udathera pomwepo. Patatha sabata imodzi Ajax idatenga ligi ya 34 m'mbiri yake. Nambala 34 ndi yomwe Nouri ankavala, ndipo anzake adaupereka ulemuwo kwa iye.

KULAKWA KWACHIWIRI

Tsopano tafika pa tsiku lomwe kwa ife ndilo mtima wa nkhani yonseyi. Pa 6 Juni 2019, mumzinda wa Guimarães ku Portugal, Netherlands idakumana ndi England mu semifainolo ya Nations League. Chigawo choyamba chili mkati, De Ligt adalephera kuugwira bwino mpira wosavuta pafupi ndi golo lake. Marcus Rashford adaulanda, De Ligt adamugwetsa, woyimbira adaloza penate, ndipo Rashford adagoletsa. Onse okumbukira za ku Sofia adati zija zabweranso.

Koma mphunzitsi wa nthawiyo, Ronald Koeman, amenenso adali wotchinga kumbuyo wotchuka m'masiku ake, sadamutulutse. Pambali pa mnyamatayo padali Virgil van Dijk, yemwe uja adasowa ku Sofia. Pa mphindi ya 73 Memphis Depay adamenya kona, De Ligt adalumpha n'kubweza chigolicho ndi mutu. M'nthawi yowonjezera osewera a England, omwe adali aakulu kwa iye, nawonso adalakwitsa kawiri pafupi ndi golo lawo, ndipo Netherlands idapambana 3-1. Kulakwa kudali kwa mtundu womwewo, munthu yemweyo, jezi yomweyo, koma ulendo uno adapatsidwa mpata wokonza ndi manja ake chomwe adawononga.

Mwezi wotsatira Juventus idamugula pa mtengo wa mayuro 75 miliyoni asanakwanitse zaka 20, ndipo pambuyo pake adapita ku Bayern Munich mu 2022 ndi ku Manchester United mu 2024. Sitikunena kuti kuchokera pamenepo sadalakwenso. Mu Juni 2021 adalandira khadi lofiira atagwira mpira ndi dzanja polimbana ndi Czech Republic, dziko lake lidatuluka mumpikisano, ndipo iye adaima pamaso pa atolankhani n'kuvomera kuti mlandu udali wake. Mwana uja amene akulu adamusenzera mlandu ali ndi zaka 17 adali atafika posenza yekha wake. Kumeneku ndiye kukula.

ZOMWE TIDASIYIRIDWA

Zonsezi Asilamu sitiyenera kukaziphunzira ku Amsterdam, pakuti zili kale m'mbiri ya Mtumiki Muhammad (S.A.W.) ndi Maswahaba ake. Choyamba ndi muyeso. Abdullah bin Umar (R.A.) adasimba yekha kuti pa nkhondo ya Uhud adadzipereka ali ndi zaka 14 koma adabwezedwa, ndipo pa nkhondo ya Khandaq adaloledwa ali ndi zaka 15. Ku Uhud Asilamu adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi adani awo, ndipo dzanja lililonse lidali lofunika, komabe kuchepa kwa akulu sikudakhale chifukwa chokankhira mwana kutsogolo. M'ndime zoyambirira za Surat An-Nisa tikuphunzitsidwanso kuti ngakhale chuma chomwe ndi chake cha mwana wamasiye chisaperekedwe m'manja mwake asanayesedwe kuti wakhwima nzeru. Ngati chake chomwe chimadikira muyeso, nanga bwanji katundu wathu ife akulu?

Chachiwiri ndi kusataya wolakwa. Usama bin Zaid (R.A.) ali mnyamata adalakwa kulakwa kwakukulu kuposa kwa m'bwalo la mpira: pa nkhondo ina adapha munthu amene adali atatamula kale shahada, poganiza kuti akungofuna kupulumutsa moyo wake. Mtumiki (S.A.W.) adamudzudzula mwamphamvu kotero kuti Usama sadaiwale moyo wake wonse. Kulakwako sikudabisidwe ndipo sikudachepetsedwe. Komabe m'chaka cha 11 cha Hijra, Mtumiki yemweyo adamusankha Usama, asanafike zaka 20, kuti atsogolere gulu lankhondo lomwe mudali Maswahaba akuluakulu. Anthu ena atang'ung'udza za msinkhu wake, Mtumiki adamuikira kumbuyo poyera. Mtumiki atamwalira, ena adapempha Abu Bakr (R.A.) kuti aike munthu wamkulu m'malo mwake, koma iye adakana, ndipo adamuperekeza Usama akuyenda pansi pomwe mnyamatayo adali atakwera. Adamupemphanso chilolezo kuti Umar (R.A.) atsale ku Madina. Khalifa adadzichepetsa dala pamaso pa anthu pofuna kuti mtsogoleri wamng'onoyo alemekezedwe.

Chachitatu ndi lilime. Anas bin Malik (R.A.) adatumikira Mtumiki kwa zaka 10 kuyambira ali mwana, ndipo umboni wake udali wakuti pa zaka zonsezo sadakalipiridwepo pa chomwe adachita kapena chomwe adasiya kuchita. Mwana wa zaka 10 amaiwala, amachedwa ndipo amatengeka ndi masewera panjira. Anas adali mwana ngati ana ena, koma adali m'manja mwa mleri wosiyana ndi aleri ena.

Ngakhale Swala yomwe ili ndi phunziro lomweli, ngakhale kuti sitingaiyerekeze ndi masewera. Imamu akaiwala ayah, amene ali pambuyo pake amamukumbutsa ndipo iye amapitiriza. Akasokoneza chiwerengero cha marakaa, amuna amamudzidzimutsa ndi Subhanallah, ndipo pamapeto pamakhala sijida ziwiri za kuiwala. Palibe amamukoka mkanjo kuti achoke kutsogolo. Chipembedzo chathu chidadziwiratu kuti woima kutsogolo adzalakwa, choncho chidakonzeratu womukumbutsa ndi njira yokonzera.

M'MAKOMO MWATHU

Tsono tiyang'ane m'makomo mwathu, pakuti Sofia aliponso m'mbali mwa nyanja muno. Alipo pomwe mnyamata amene wangomaliza kuloweza Qur'an akankhidwira kutsogolo kuti aswalitse Taraweh mwezi wonse yekha, popanda hafizi wina kumbuyo kwake, ndipo akakakamira pa ayah imodzi usiku wachitatu, nkhani yake ikhala ndiwo ya daku m'mudzi monse. Ena mwa anyamata otere sabwereranso kutsogolo, ndipo ena Qur'an yomweyo amayamba kuiopa. Alipo pomwe bambo wadwala ndipo mwana wa zaka 14 auzidwa kuti alowe m'bwato m'nyengo ya mwera, kenaka khoka likang'ambika amudula malipiro ndi kumutukwana padoko. Alipo pomwe mtsikana wa zaka 12 asiyiridwa mphika, mtondo ndi azing'ono ake anayi, ndipo nsima ikapserera ndodo igwera iye. Alipo pomwe mnyamata wa zaka 17 asonkheredwa ndalama ya basi kuti apite ku Joni akadyetse banja lonse, ndipo akabwerera chimanjamanja atchedwa wolephera. Alipo pomwe mwana wamkazi akwatiwitsidwa kuti njala ichepe pakhomo, banja likamukanika n'kumati alibe mwambo.

Pa zonsezi chifukwa chimakhala chomwe chija cha Danny Blind: akulu kulibe, mpata ulipo, wina atseke. Umphawi ndi matenda ndi zenizeni, ndipo ife sitikuweruza banja lomwe lapanikizika. Sitikunenanso kuti ana asapatsidwe udindo, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo mwana wosagwiritsidwa nkhafi ali wamng'ono sadzapalasa bwato atakula. Chomwe tikupempha n'chakuti tisanamuike mwana kutsogolo tidzifunse mafunso atatu. Kodi tamuyesa pa katundu wopepuka n'kuona kuti wakwanitsa? Kodi pambali pake taikapo wamkulu woti amukumbutse, monga Daley Blind ndi Van Dijk adaimira pambali pa De Ligt? Nanga akagwa, kodi takonzeka kunena pamaso pa anthu kuti tidamutuma ndife, kenaka n'kumupatsanso mpata wina?

Pali nthawi zina pomwe kumuchotsa mwana pamoto ndiko chifundo. Koeman yemwe uja adamutulutsa De Ligt pa nthawi yopumulira mu Sepitembala 2024 polimbana ndi Germany, ndipo adafotokoza kuti adatero pofuna kumuteteza. Koma kumutulutsa mwana kuti apume ndi kwina, kumutaya ndi kwinanso, ndipo mwana amadziwa kusiyana kwake pongomva mawu oyamba otuluka pakamwa pa bambo ake kapena pa mwalimu wake kukacha. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwana akathawira kwa ife akupsa n'kupeza kuti nafenso ndi moto, adzathawira kwina, ndipo kumeneko n'komwe kuli chamba, kachasu ndi magulu oipa omwe salephera kulandira mwana wonyozedwa kwawo.

Kwa inu anyamata ndi atsikana amene mukuwerenga tsamba lino, mwina bambo atalisiya pamkeka, mawu athu ndi awa: kulakwa pamaso pa anthu kumawawa, koma si mapeto a dzina lanu. Bwererani ku madrasa mawa lake, bwerezani sura yomwe idakuvutani, ndipo Shehe akakuitananinso kutsogolo musakane. Ndipo mukadzakula, mudzakumbukire mmene zidakuwawirani, kuti amene adzakhale m'manja mwanu adzapeze pothawira.

Tikupempha Allah (S.W.T.) kuti atipatse ife makolo ndi aphunzitsi maso oyeza bwino katundu, lilime lofewa pa tsiku la kulakwa, ndi mtima wovomera mlandu pomwe mlanduwo ndi wathu. Awalimbitse ana athu pa Dini ndi pa maphunziro, awateteze panyanja ndi pamtunda, ndipo apereke chipiriro kwa Abdelhak Nouri ndi banja lake pamodzi ndi onse omwe akusamala odwala m'makomo mwawo. Ameen.